Safunsa Anadya Phula, Nanga Wofunsa Akunyozedweranji?

Mwambi wakuti safunsa anadya phula umatchulidwa kawirikawiri m'sukulu za dziko lino, koma mwana woyesa kuutsatira ndi amene amalandira chitonzo. Akakweza mkono kuti sanamvetse, amauzidwa kuti ndi mbuli, mutu wake ngouma, ndipo anzake amafa ndi phwete. Mawa lake mkono uja sukweranso. Mwanayo wadyadi phula, koma womudyetsa ndi mphunzitsi.

Khalidweli lafika ndi m'maphunziro apadera amene ambiri amangoti part time. Chichotsereni fizi ku pulayimale mu 1994, pamene ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, kalasi ya ana oposa 100 si yachilendo. Choncho makolo amene ali ndi kangachepe amalipira munthu woti athandize mwana madzulo, makamaka wa Sitandade 8 amene akudikira mayeso a MANEB. Cholingacho nchabwino. Chomvetsa chisoni nchakuti ambiri mwa othandizawa amangobwereza zimene zakanika m'mawa: kulowezetsa mayankho a mayeso akale, kukalipa, ndi kulengeza pagulu amene watsirizira. Kholo likulipira ndalama kuti mwana wake achititsidwe manyazi kawiri pa tsiku.

Akuluakulu akale sankaphunzitsa motero. Nthawi ya masanje, mayi ankapatsa mtsikana kaufa ndi kamphika kuti akaphike yekha. Nsima ikabwera yosapsa, mayi ankatemako mbamu, nkuyamikira, kenaka nkumuonetsa kagwiridwe ka mthiko. Mnyamata ankasemeredwa mpini wolingana ndi msinkhu wake, nkupatsidwa kandime koti athe kumaliza. Madzulo pamoto wina akati "Chilape!" onse ankayankha kuti "Nachize!" ndipo wolakwa yankho sankathamangitsidwa. Ankangoyesanso mpaka wina alase. Kulakwa kunali njira yofikira pa yankho.

Alipo ena amene amati mwana samva popanda chikoti, ndipo amabisala kuseri kwa mwambi wakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Anthu otere mwambiwo sanaumvetse. Kutsina khutu ndi kuchenjeza munthu mwachikondi, iye yekha namva. Kumuimika kutsogolo kwa anzake kuti amuseke ndi ntchito ya mdani. Mantha amatseka pakamwa, ndipo pakamwa pakatsekeka mphunzitsi sangadziwe pamene mwana wasochera.

Wothandiza mwana weniweni amayamba ndi kufufuza chimene mwanayo akudziwa kale. Wolephera kugawa nambala kawirikawiri amakhala kuti sanagwire kuchulukitsa, ndipo pamenepo mpoyenera kubwerera, ngakhale ndi timiyala kapena zitsekerero za mabotolo. Wokanika kumva funso la m'Chingerezi alongosoleredwe kaye m'Chichewa. Apatsidwe ntchito yoti aikhoze lero, yokulirapo mawa, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Pomuyamikira atchulidwe chenicheni chimene wachita bwino, ndipo ayerekezedwe ndi mmene iye mwini analili sabata yatha, osati ndi mwana wa mnansi. Akatha, apemphedwe kuti afotokozere mnzake, chifukwa wofotokoza ndi amene amazindikira kuti nzeru ali nazo.

Kholo lisanapereke ndalama za mwezi wamawa, lifunse mwana funso limodzi: "Kodi kumene umapita madzulo kuja, umaloledwa kufunsa?" Mwana akaweramitsa mutu, ndalamazo zigule makope.