Neti ili kudimba, mwana wagona pamphasa

Ife abusa timazindikira kuti dzinja lafika poona kuchuluka kwa timabokosi ting'onoting'ono timene timaperekeza kumanda. Ambiri mwa ana amenewa amatisiya ndi malungo, nthenda yofalitsidwa ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles, umene umaluma makamaka usiku anthu ali mtulo.

Sitinganene kuti chotchinjiriza palibe. Akuluakulu tikukumbukira masiku a neti za Chitetezo, zimene tinkachita kugula n'kumazinyika tokha m'mankhwala. Chiyambire 2012, Unduna wa Zaumoyo wakhala ukugawa masikito aulere m'midzi pakapita zaka zingapo, neti imodzi kwa anthu awiri, mankhwala ali kale mu ulusi wake. Amayi oyembekezera amalandiranso kusikelo.

Koma tayendani m'midzi, abale ndi alongo. Neti yatchinga dimba la tomato, ina yavundikira anapiye kuopa mphamba. M'mbali mwa nyanja ya Malawi ndi ya Chilwa, neti zalumikizidwa kukhala khoka, ndipo poti maso ake ndi aang'ono, zimakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Apa tikutaya ziwiri: mwana walumidwa usiku uno, ndipo ndiwo za chaka chamawa zatheratu.

Sindifulumira kuweruza. Bambo amene m'nyumba mwake mulibe ndiwo amaona njala ya lero, pamene malungo ndi a mawa. Banja la anthu asanu ndi awiri logona pamphasa m'kanyumba ka chipinda chimodzi limasowadi pomangirira neti, ndipo ku Nsanje kapena ku Chikwawa mwezi wa Novembala, kugona mu neti kumafuna kupirira. Dandaulo la nsikidzi nalonso sindilipeputsa, ngakhale kuti neti siibala nsikidzi. Zimakhala zili kale m'ming'alu ya khoma.

Chimene chimandiwawa ndi mawu a alaliki ena, akuti wogona mu neti ndi wochepa chikhulupiriro. Nehemiya pomanga linga la Yerusalemu anapemphera, naikanso alonda usana ndi usiku, ndipo Malembo samudzudzula. Mlaliki woletsa neti sadzakhalapo pamene mayi akuthamanga mtunda wautali usiku, mwana akukomoka kumbuyo.

Ena akuti katemera wabwera, neti yatha ntchito. N'zoona kuti mu 2019 Malawi, pamodzi ndi Ghana ndi Kenya, anayamba kupereka katemera wa malungo kwa ana. Koma katemerayu amangochepetsa chiopsezo, ndipo achipatala amati aziyendera limodzi ndi neti. Mu 2021 boma linalonjeza kuthetsa malungo pofika 2030. Zaka zatsala zochepa.

Akulu a mpingo ndi amayi a chigwirizano amalowa m'nyumba zimene mlangizi wa zaumoyo amafikamo mwa apo ndi apo. Pokacheza m'milaga dzinja lino, mukatha pemphero, funsani mwaulemu kuti neti ili kuti. Ngati ili yatsopano, iyanikidwe pamthunzi tsiku lathunthu isanagwiritsidwe ntchito. Ngati yabooka, mayi mmodzi atengeko singano ndi ulusi.