Dar es Salaam: namondwe amaoneka ali kutali, mvula imangodzidzimutsa

DAR ES SALAAM – Mwezi wa Marichi ukafika, pamene mayiko a kumpoto kwa dziko lapansi amakhala akuloserabe mkuntho wa chipale chofewa, anthu a mumzinda uno amayembekezera mvula yaikulu imene m'Chiswahili imatchedwa masika. Kwa Amalawi liwuli limatanthauza nyengo yokolola, koma kugombe la Tanzania ndi mvula ya Marichi mpaka Meyi. Funso la chaka chilichonse ndi lakuti mvulayo igwera kuti, ndipo madzi ake alowera kwa yani.

Kulosera namondwe kwapita patsogolo. Mu 2024, bungwe loona za nyengo la Tanzania Meteorological Authority linachenjeza za namondwe Hidaya kudakali masiku angapo, potengera zithunzi za setilaiti ndi malipoti a likulu la pachilumba cha La Réunion, lomwe limatsata anamondwe a m'chigawo chino cha nyanja ya Indian Ocean. Zombo za pakati pa Dar es Salaam ndi Zanzibar zinaimitsidwa. Hidaya anafika pachilumba cha Mafia pa 4 Meyi n'kufooka. Anamondwe otere safika kawirikawiri kuno chifukwa pafupi ndi equator mphamvu yozunguza mphepo ndi yochepa. Amene amakumbukika ndi wa ku Zanzibar mu 1872 ndi wa ku Lindi mu 1952.

Komabe Hidaya asanafike, pa 25 Epulo, Kassim Majaliwa, yemwe anali nduna yaikulu, anauza nyumba ya malamulo kuti anthu 155 anali atafa kale ndi mvula yamphamvu imene inakula chifukwa cha El Niño. Mvula yosatchulidwa dzina ndi imene inapha anthuwo.

Mvula yotereyi ndi yovuta kuilosera. Mitambo ya mabingu imasonkhana m'maola ochepa, ndipo imatha kukhuthula madzi m'dera limodzi dera loyandikana nalo lili louma. Makompyuta olosera amatha kunena kuti mvula igwa kugombe, koma sikawirikawiri kuti atchule dera ndi ola. Kuwonjezera apo, madzi amene amamiza Jangwani ndi kutseka msewu wa Morogoro amachokera kumtunda, kumapiri a Pugu ndi ku Kisarawe, n'kutsika ndi mtsinje wa Msimbazi. Akakumana ndi nyanja itadzaza, amasowa kotulukira. Mu Disembala 2011 madzi osefukira anapha anthu pafupifupi 40 mumzindawu, ndipo boma linasamutsira mabanja ambiri ku Mabwepande.

Choncho chenjezo lothandiza liyenera kulumikiza mvula ya kumtunda ndi kukwera kwa mtsinje, kutchula mayina a madera, ndi kufika kwa atsogoleri a m'maderawo m'chilankhulo chomveka. Mu 2022 World Bank inavomereza ndalama zokwana madola 200 miliyoni zokonzera chigwa cha Msimbazi, koma ngalande ndi milatho zimatenga zaka, pomwe uthenga umatha kufika usiku womwewo.

Nkhaniyi ikukhudzanso Malawi, amene gawo la mafuta ake a galimoto limadzera padoko la Dar es Salaam. Ku Blantyre nako phunziroli silachilendo: mu Marichi 2023 njira ya namondwe Freddy inadziwika pasadakhale, koma matope ochokera m'phiri la Soche anapeza anthu a ku Chilobwe ali m'nyumba zawo.