Kodi Mwana Wathu Akhale Pafupi ndi Yani M'kalasi?

Tsiku lina m'nyengo yachisanu, titabwerako kumanda m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri la Mphunzi, tidakhala pansi pamodzi ndi abale amene adachokera ku Lilongwe kudzakhuza maliro. Bambo wina wovala bwino, mbadwa ya m'mudzi momwemo, ankasimbira anzake za sukulu imene adapezera mwana wake wa zaka 7. Za aphunzitsi kapena mabuku sadatchuleko ayi. Chimene adayamikira nchakuti pa sukulupo palibe ana a ku Mtandire, palibe ana a Maburundi, ndiponso mwana wogwidwa akulankhula Chichewa pabwalo amalandira chilango. Chapatali pang'ono, agogo ake a mwanayo ankayesa kucheza ndi mdzukulu wawo, koma awiriwo sadamvane. Mayi wokalambayo adangoti, "Mzungu wanga ameneyu," naseka, koma m'maso mwake munali misozi.

Kuyambira tsiku limenelo takhala tikusinkhasinkha mawu a bambo uja, ndipo taona kuti kukhala chete kungafanane ndi kuvomereza. Bamboyo si munthu woipa. Ndi kholo lokonda mwana wake monga makolo ena onse. Koma zimene iye adalankhula mosabisa zili m'mitima mwa ambiri a ife amene tidapita kusukulu, tidazolowera moyo wa m'tauni, ndipo tsopano tili ndi mphamvu yosankhira sukulu ana athu kapena ana a abale athu. Nchifukwa chake tikunena poyera kuti tsankho limene makolo athu adalimbana nalo m'nthawi ya atsamunda labwereranso m'sukulu za m'mizinda yathu, ndipo ulendo uno olitsegulira khomo ndife eni dziko.

Achinyamata ambiri sadziwa kumene tachokera. Amishoni adatsegula sukulu yoyamba ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, koma sekondale yoyamba ya ana achikuda, Blantyre Secondary School, idadza m'chaka cha 1940, patapita zaka 65. Ya Zomba Catholic idatsatira mu 1942, ndipo ya boma ya kwathu kuno ku Dedza mu 1951. M'nthawi ya Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, maphunziro a ana a Azungu, a Amwenye ndi a Makaladi anali m'manja mwa boma la Chitaganya ku Salisbury, pamene a ana achikuda adasiyidwira boma la Nyasaland ku Zomba, limene thumba lake linali lopyapyala. Sukulu za St Andrew's ku Blantyre, Sir Harry Johnston ku Zomba ndi Bishop Mackenzie ku Lilongwe zidamangidwira ana a Azungu. Mwana wa wophika wa bwana ankatha kuiona sukuluyo ataima kunja kwa mpanda, koma khonde lake sakadaliponda, ngakhale akadakhala wanzeru chotani. Khungu ndilo linali chiphaso cholowera.

Titalandira ufulu mu 1964, zipata za khungu zidayamba kutseguka, ndipo tidaganiza kuti nthenda ija yatha. Koma tsankho lili ngati nsikidzi: ukazithira madzi otentha pa mphasa, zimathawira m'ming'alu ya khoma. M'chaka cha 1989 boma la Dr Kamuzu Banda lidalamula kuti aphunzitsi abwerere kukagwira ntchito m'zigawo za kwawo, ndipo aphunzitsi ambiri a ku Mpoto adachotsedwa m'sukulu za m'chigawo cha Pakati ndi cha Kumwera. Phunziro limene ana adatolapo nlakuti Mmalawi mnzawo wolankhula Chitumbuka ndi munthu womukayikira. M'zaka za m'ma 1970 amalonda achimwenye adachotsedwa m'midzi nauzidwa kuti azikachita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Choncho m'mizinda ndimo muli mitundu yonse ya anthu a dziko lino. Komabe lowani m'sukulu ya pulayimale ya boma ku Limbe kapena ku Kawale, muwerenge: ana a Amwenye ndi angati? A Azungu ndi angati? Nanga a nduna, a aphungu, a oweruza milandu ndi a akuluakulu a ku Unduna wa Zamaphunziro womwewo ndi angati? Zala za dzanja limodzi zidzakukwanirani.

Zidafika bwanji pamenepa? M'chaka cha 1994 boma la Bakili Muluzi lidathetsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino zedi, ndipo sitidzachinyoza. Koma zipinda zophunziriramo sizidakwane, aphunzitsi zikwizikwi adalembedwa ntchito asanaphunzitsidwe mokwanira, ndipo ana adayamba kuphunzirira pansi pa mitengo. Pamenepo makolo amene anali ndi kangachepe m'thumba adayamba kuchotsa ana awo mmodzimmodzi, ndipo sukulu za pulayiveti zidamera ngati bowa. Sukulu ya boma idataya ana, koma idatayanso chinthu china chachikulu: makolo amene mawu awo amamveka m'maofesi. Denga likadontha pa mutu wa mwana wa mlembi wamkulu, malata amapezeka sabata yomweyo. Likadontha pa mutu wa mwana wa mlonda, mvula imatha, ina nkubweranso.

Tikudziwa chimene owerenga ambiri atiyankhe. Adzati: kodi kholo lilibe ufulu wosankhira mwana wake sukulu? Kodi tipereke ana athu nsembe m'kalasi la ana opitirira 100 ndi mphunzitsi mmodzi, kuti tioneke okonda dziko? Funso limeneli ndi lolemera, ndipo sitilipeputsa. Ufuluwo ulipodi. Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994, m'ndime 25, amalola sukulu zoima pazokha. Nawonso Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha zamaphunziro cha 1965, udatsimikiza kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba a ana awo, ndipo ayenera kukhala ndi ufulu weniweni posankha sukulu. Koma chikalata chomwecho chimakumbutsa boma kuti ligawe chuma cha dziko mwachilungamo kuti ufuluwo ukhale woona. Tsono tifunse: mayi wogulitsa tomato ku Ndirande amasankha chiyani? Bambo wa kabaza ku Chinsapo amasankha chiyani? Iwo amapita kumene miyendo ya mwana ingafike. Ufulu umene anthu ochepa okha angaugule tisamautche ufulu, dzina lake ndi mwayi, ndipo munthu wamwayi ali ndi ngongole kwa anzake.

Palinso funso lina limene aliyense ayenera kudzifunsa m'mtima mwake. Pochotsa mwana pa sukulu ya m'dera lathu, tikuthawa chiyani kwenikweni? Ngati tikuthawa kusowa kwa mabuku ndi kuchuluka kwa ana m'kalasi, palibe angatiweruze. Koma ngati tikuthawa ana enieniwo, chifukwa ndi osauka, ndi Ayao, ndi Atumbuka, ndi Alomwe, ndi obwera, kapena chifukwa tikufuna kuti mwana wathu ajambulidwe chithunzi ataima pakati pa ana oyera khungu, pamenepo tavala chipewa cha mtsamunda chimene makolo athu adachivula ndi magazi.

Mbiri ya dziko la America ikutichenjeza za m'mene mawu okoma akuti "kusankha" amabisira tsankho. M'chaka cha 1954 bwalo lalikulu la milandu la dzikolo lidagamula kuti kulekanitsa ana m'sukulu za boma potsata khungu nkosemphana ndi malamulo. Mu 1960, mu mzinda wa New Orleans, kamtsikana kachikuda ka zaka 6, Ruby Bridges, kadalowa sukulu ya Azungu motetezedwa ndi apolisi a boma. Makolo achizungu adachotsa ana awo, ndipo kwa chaka chathunthu mwanayo ankaphunzira yekha m'kalasi ndi mphunzitsi wake, Barbara Henry. Ku Prince Edward County, m'chigawo cha Virginia, akuluakulu adatseka sukulu zonse za boma kuyambira 1959 mpaka 1964, natsegulira ana achizungu sukulu za pulayiveti. Madera ena adakonza ndondomeko zoti kholo lililonse lizisankha lokha sukulu, podziwa kuti Mzungu sadzasankha ya anthu akuda ndipo wakuda adzaopa kusankha ya Azungu, mpaka bwalo lija lidakana chinyengo chimenechi mu 1968. Makolo onsewo ankanena kuti akungofunira ana awo zabwino. Lero zidzukulu zawo zimachita manyazi poona zithunzi za masiku amenewo.

Tisaganize kuti kwathu kuno zipata zotsekera ana kunja zidatheratu. Kwa zaka zambiri ana a Chirasita ankabwezedwa m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo, mpaka bwalo lalikulu la milandu ku Zomba lidagamula mu 2023 kuti mchitidwewo ngosemphana ndi malamulo. M'zaka za 2019 ndi 2020 kudabuka mikangano yoopsa ku Balaka ndi ku Machinga pa nkhani ya atsikana achisilamu ovala hijabu m'sukulu za mipingo, ndipo mtendere udadza mu 2021 atsogoleri a zipembedzo atasainirana pangano kudzera m'bungwe la Public Affairs Committee. Mwezi wa May 2023 apolisi ndi asilikali adagwira anthu othawa kwawo mazanamazana mu mzinda wa Lilongwe, ana omwe, nawasunga ku ndende ya Maula asanawapititse ku msasa wa Dzaleka ku Dowa, umene udakonzedwera anthu ochepa kwambiri kuposa amene alimo. Boma lidati likutsata lamulo. Koma ana ambiri mwa iwowa adabadwira konkuno, amalankhula Chichewa ngati ana athu, ndipo m'mawa mwake malo awo m'kalasi anali opanda munthu. Ndi angati a ife amene tidafunsa kumene apita?

Pano tiyenera kudziguguda pachifuwa ifenso a Mpingo, pakuti sukulu zambiri za dziko lino zidamangidwa ndi mipingo. Tili ndi sukulu zina zokhoza bwino zimene fizi yake mphunzitsi wa pulayimale sangaikwanitse ngakhale atasala kudya. Tingadzudzule bwanji ena ngati pa chipata chathu mwana wa mmphawi akubwezedwa? Tili ndi chitsanzo chotichititsa manyazi ndi kutilimbitsa mtima pamodzi. M'chaka cha 1976, tsankho la apartheid lili pachimake ku South Africa, sukulu za Katolika, makamaka za asisitere, zidayamba kulandira ana a mitundu yonse mosemphana ndi lamulo la boma, ndipo aepiskopi onga Denis Hurley wa ku Durban adaziikira kumbuyo. Iwo ankaopsezedwa kuti sukulu zawo zitsekedwa. Ife palibe akutiopseza. Chotilepheretsa nchiyani?

Anthu amaiwala kuti wovulala pa kulekanitsa kumeneku si mwana wosauka yekha. M'mera mpoyamba. Mwana amene wakula osagawanapo mbatata yootcha ndi mwana wa mlonda, osamvapo mnzake akupemphera mwa njira ina, osaphunzirapo kupereka moni m'Chiyao kapena m'Chitumbuka, ameneyo ndiye mawa adzakhale dokotala, woweruza milandu, bwanamkubwa. Adzalamulira anthu amene sadawadziwe, ndipo adzawaopa kapena kuwanyoza, pakuti munthu amaopa chimene sachidziwa. Chingerezi ndi chabwino, ana athu achiphunzire ndithu. Koma sukulu imene imalanga mwana chifukwa cholankhula chinenero cha agogo ake ikumuphunzitsa kuti agogo akewo ndi chinthu chochititsa manyazi.

Pa nkhani imeneyi mudzi ungaphunzitse mzinda. Achikulire a kuno ku Dedza akukumbukira zaka za nkhondo ya ku Mozambique, makamaka kuyambira 1986 mpaka pangano la mtendere la ku Rome la 1992, pamene anthu othawa nkhondo m'dziko muno adapitirira 1 miliyoni. M'maboma a Dedza ndi Ntcheu ambiri a iwo adakhala pakati pa eni mudzi. Mafumu adawapatsa malo, amayi ankatunga madzi pa chitsime chimodzi, ana ankasewera mpira wa chikulunga pa bwalo limodzi. Zovuta zinalipo, nkhuni zidachepa, mitengo idatha m'mapiri. Komabe anthu osaphunzira aja adadziwa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kodi maphunziro athu atithandiza chiyani ngati atiiwalitsa chimene agogo athu ankachidziwa osalowa m'kalasi?

Tsono tikupempha zinthu zomveka. Kwa olamulira: mangani zipinda ndi kulemba aphunzitsi choyamba m'sukulu za ku Mtandire, ku Mgona, ku Ndirande ndi ku Bangwe, kumene ana athithikana, ndipo ena a inu yesani kulembetsa ana anu m'sukulu zimene mukuyendetsa. Kwa eni sukulu za pulayiveti, kuyambira ife a mipingo: patulani malo chaka ndi chaka a ana osauka a m'dera limene sukuluyo yamangidwa, ndipo lekani kulanga ana chifukwa cha chinenero chawo. Kwa aphunzitsi aakulu: mwana asabwezedwe chifukwa cha khungu, tsitsi, chipembedzo kapena kumene makolo ake adabadwira, pakuti ndime 20 ya malamulo a dziko lino imaletsa tsankho lotere. Kwa makolo amene mwasankha kale sukulu yolipira: musaifulatire sukulu ya boma ya m'dera lanu. Pitani ku misonkhano yake, lankhulani m'malo mwake kumaofesi kumene mumadziwika, ndipo musalankhulenso za ana a anzanu ngati matenda opatsirana.

Pa matanthwe a ku Mphunzi, amene ali m'gulu la malo 127 a zojambula za makedzana a m'dera la Chongoni, olembedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2006 ngati chuma cha dziko lonse lapansi, pali zojambula zofiira za Akafula, ndipo m'dera lomweli mulinso zoyera za Achewa amene adadza pambuyo pawo, zina mwa izo zophunzitsira anamwali. Mitundu iwiri yosiyana idasiya maphunziro ake pa miyala ya dziko limodzi. Alendo amachokera kutali kudzaona zimenezi. Ife tikupempha bambo uja, akadzabweranso kumudzi, atenge mwana wake akwere naye phirilo pamodzi ndi ana a m'mudzimo, ndipo agogo aja akhale owafotokozera. Mwanayo akapanda kumva, anzakewo adzamumasulira.