Khansa ya m'matumbo aang'ono isamabisale kuseri kwa TB

Matumbo aang'ono a munthu wamkulu amatalika pafupifupi mamita 6, koma onsewo anapindikapindika n'kukwanira kuseri kwa mchombo. M'menemo ndi momwe nsima ndi ndiwo zimasandukira mphamvu, komanso ndi momwe diso la dokotala limavutika kufika. Kapaipi ka kamera kolowetsa kukamwa kamathera poyambira penipeni pa matumbowa, kolowetsa kunjira ya chimbudzi kamangofika kumapeto kwake, ndipo pakati ponsepo pamatsala posaoneka. Khansa yotchedwa lymphoma ikamera pamenepo, imatha kudya munthu kwa miyezi yambiri popanda woitchula dzina.

Lymphoma ndi khansa ya asilikali a m'thupi, aja amadzaza m'mwanabele munthu akakhala ndi bala. Khoma la matumbo lili ndi asilikali otere ochuluka zedi chifukwa tizilombo tobwera ndi chakudya timadutsa pamenepo. Asilikaliwa akayamba kuswana mopanda malire, khomalo limakhuthala, limachita zilonda, mwinanso kubooka kumene.

Nthendayi si yofala, ndipo dera lililonse lili ndi mtundu wake. Kumpoto kwa Ulaya kumapezeka mtundu wotchedwa EATL, womwe umagwira anthu amene matumbo awo sagwirizana ndi tirigu. Ku Asia kumaoneka kwambiri MEITL, womwe bungwe la WHO linaupatula kukhala nthenda payokha mu 2016. Mitundu iwiriyi ndi yaukali ndipo ndi yovuta kuchiza ngakhale m'zipatala zolemera.

Mtundu wopatsa chidwi kwambiri ndi IPSID. Umenewu umakonda achinyamata a m'mabanja osauka ku Middle East ndi kumpoto kwa Africa, ndipo unapezekaponso ku Cape Town. Wodwala amatsegula m'mimba osalekeza, amawonda ngakhale akudya, ndipo nsonga za zala zake zimatha kufufuma. Mu 1968 dokotala wa ku Paris, Maxime Seligmann, anapeza kuti m'magazi a odwala otere mumayenda puloteni yachilendo yomwe ingathandize kuzindikira nthendayi. Kenako mu 2004 gulu la Marc Lecuit, ku France komweko, linapeza kachilombo ka Campylobacter jejuni m'matumbo a ena mwa odwalawa. Kachilomboka n'kodziwika bwino: kamafala kudzera m'nyama ya nkhuku yosapsa bwino, mkaka wosawiritsa ndi madzi akuda. Chosangalatsa n'chakuti IPSID ikagwidwa isanakhwime, ambiri amapeza bwino ndi maantibayotiki wamba monga tetracycline, akamwa kwa miyezi 6 kapena kuposerapo. Ikachedwa imasanduka khansa yolusa yofuna mankhwala amphamvu a m'dilipi. Nthenda ndi imodzi yomweyo. Chosiyanitsa ndi tsiku lomwe mnofu wa wodwala unafika pansi pa maikulosikopu.

Kuno ku Malawi dzina lodziwika ndi la Denis Burkitt, dokotala yemwe analongosola chotupa cha ana ku Kampala mu 1958. Mu 1961 iye anayenda ulendo wautali wa pagalimoto, kudutsanso m'dziko muno likadali Nyasaland, ndipo anaona kuti chotupacho chimakonda malo otsika ndi otentha, komwenso malungo amavuta. Ambiri amadziwa khansa imeneyi, yotchedwa Burkitt lymphoma, ngati chotupa cha nsagwada, koma imameranso m'mimba, nthawi zina polumikizira matumbo aang'ono ndi aakulu. Imakula mofulumira kwambiri, moti sabata imodzi yotayika ndi yambiri. Mwa akuluakulu, makamaka omwe ali ndi HIV, mumapezeka mitundu ina ya lymphoma yomwe nayonso imatha kuyambira m'matumbo.

Vuto lagona pakuti polumikizira matumbo pomwepo ndi pamene TB ya m'mimba imakondanso kukhala. Zizindikiro n'zofanana ngati mapasa: kuwonda, kutentha thupi, thukuta la usiku, m'mimba mopweteka ndi mwanabele wotupa. Sikani ikaonetsa khoma lokhuthala ndi timadzi m'mimba, dokotala wa pachipatala cha boma amayamba waganiza za TB, ndipo sakulakwa, chifukwa TB ndi yochuluka kutalitali kuposa lymphoma. Kuyamba mankhwala a TB popanda umboni wonse kwapulumutsa anthu ambiri.

Cholakwika chimabwera pambuyo pake, wodwala akamangolandira mapilitsi mwezi ndi mwezi thupi likunka litha. Mu 2016 Dr. Leo Masamba ndi anzake a ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre analemba za odwala khansa omwe anayamba amwa mankhwala a TB kwa miyezi khansa yawo isanadziwike, ndipo lymphoma inali patsogolo pa khansa zimenezo. Kumudzi nako abale akaona kuti mankhwala a kuchipatala sakugwira, amayamba kunong'onezana za ufiti n'kumunyamulira wodwalayo kwa sing'anga, nthawi n'kumapita.

Mayiko olemera ali ndi zida zoonera malo obisika a m'matumbo aja. Kuyambira 2001 kuli kamera yaing'ono ngati kapisozi yomwe munthu amameza, n'kumajambula zithunzi ulendo wonse wa m'matumbo. Chaka chomwecho Hironori Yamamoto wa ku Japan analengeza za kapaipi ka mabaluni awiri kotha kukwawa mpaka pakati pa matumbo aang'ono n'kutapako kachidutswa ka mnofu. Zida zimenezi n'zodula, ndipo wina anganene kuti dziko losauka lisataye nthawi ndi nthenda yosowa chotere.

Komatu mnofu umafika m'manja mwa madokotala a ku Malawi kudzera njira ina. Munthu akabwera usiku matumbo atatsekeka kapena atabooka, amalowa naye m'chipinda cha opaleshoni n'kudula gawo lowonongekalo. Gawolo likhoza kuoneka ngati la taifodi kapena la TB, koma maso okha sangatsimikize. Chofunika pa mphindi imeneyo n'chochepa: chidebe chotsekeka bwino, mankhwala osungira mnofu a formalin okwanira kumiza chidutswacho kotheratu, pepala lolembedwa bwino dzina ndi nambala ya foni, ndi galimoto yopita nacho ku labotale. Chidutswacho chikaponyedwa m'ndowa ya zotaya, yankho lapita nacho limodzi.

Kotumiza kulipo. Labotale yoyeza minofu ya ku Kamuzu Central Hospital inatsegulidwa mu 2011 mogwirizana ndi UNC Project, ndipo kuyambira 2013 kumeneko kwakhala kafukufuku wotsatira odwala lymphoma. Akatswiri a ku Lilongwe amaonera limodzi zithunzi za minofu pa intaneti ndi anzawo a ku America. Blantyre nayo ili ndi akatswiri ake. Nthenda ikadziwika, mankhwala anayi ophatikiza otchedwa CHOP amaperekedwa pakapita masabata atatu alionse, kawirikawiri maulendo 6, ndipo ntchito ya ku Lilongwe yaonetsa kuti ngakhale omwe ali ndi HIV amatha kuchira akamamwanso ma ARV. Pa lymphoma ya m'matumbo pamafunika kusamala kwina, chifukwa chotupa chikamasungunuka khoma limatha kubooka, choncho dokotala wa opaleshoni ndi wa khansa ayenera kuyendera limodzi.

Unduna wa Zaumoyo ukhwimitse malamulo awiri m'zipatala zonse za m'maboma ndi za mishoni. Chidutswa chilichonse cha matumbo chodulidwa pa opaleshoni chizipita ku labotale, ndipo zotsatira zizibwerera kwa mwini wake msanga. Wodwala aliyense womwa mankhwala a TB ya m'mimba yemwe sakusintha pakatha miyezi iwiri aziunikidwanso n'kutengedwa mnofu. Abale odwazika matenda nawonso ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti, "Adokotala, mnofu uja unapita kokayezedwa? Nanga zotsatira tidzazimva liti?"