Valavu ya mu Mtima Iyenera Kujambulidwa Wodwala Asanayambe Kubanika

Mabanja ambiri m'makomboni amasonkha ndalama, ena mpaka kugulitsa ng'ombe kumudzi, kuti mwana wodwala mtima akacitidwe opaleshoni ku Lusaka, ku India kapena ku South Africa. Ambiri mwa odwalawa ndi acinyamata amene zilonda za pakhosi zosacizidwa paubwana zinawaonongera mavalavu, tizitseko timene timalola magazi kupita mbali imodzi mu mtima. Mwana akabwerako ali bwino, banja limaganiza kuti nkhani yatha. Ngozi imayambira pamenepo.

Mavalavu oikidwa ali mitundu iwiri. Yacitsulo imakhala zaka zambiri, koma magazi angaundane pamenepo ngati wodwala waleka kumwa warfarin kapena kupimitsa INR. Yopangidwa ndi mnofu wa nkhumba kapena wa ng'ombe imakhala zaka 10 kufika 15, ndipo mwa wacinyamata imauma kapena kung'ambika msanga. Zonse ziwiri zingagwidwe ndi tizilombo kapena kudontha m'mbali mmene anasoka.

Dotolo akamvetsera pacifuwa amadziwa cabe kuti pali vuto. Vuto lenileni limaoneka pa cithunzi. Coyamba ndi eko, yofanana ndi sikani imene amai apakati amacita. Sipweteka, ndipo imaonetsa liwiro la magazi podutsa pa valavu. Koma citsulo cimabisa zimene zili kumbuyo kwake. Cotero nthawi zina wodwala amameza kacubu kamene kamajambula mtima kucokera kummero. Palinso X-ray yoonetsa zinthu zikuyenda, imene imasonyeza ngati tizitseko tikutseguka mokwanira. Sikani ya CT imathandiza kusiyanitsa magazi oundana ndi mnofu umene wamera pa valavu. Kusiyanaku n'kwakukulu: magazi oundana nthawi zina amasungunuka ndi mankhwala, koma mnofu umafuna opaleshoni ina.

Cithunzi cofunika koposa ndi eko yoyamba, imene iyenera kucitika m'miyezi itatu kucokera pa opaleshoni. Dotolo amayerekeza manambala a lero ndi a nthawi ija kuti aone ngati valavu yayamba kucepa. Popanda pepala loyamba, nambala ya lero imam'uza zocepa. Conco pepala limeneli, pamodzi ndi kadi yonena dzina ndi saizi ya valavu, liyenera kusungidwa monga mmene banja limasungira citupa ndi mapepala a nyumba. Tsiku lobwerera kukajambulidwa lisadumphidwe ngakhale munthu ali wamphamvu, pakuti valavu imayamba kuonongeka mwakacetecete.

Pali zizindikilo zosafunika kudikira tsiku: kubanika pogona, kutupa miyendo, kutentha thupi kosatha, kukomoka, dzanzi mbali imodzi, ndi kucepa kwa kaphokoso konga ka nkoloko kamene valavu yacitsulo imacita. Kutentha thupi kotere kusatengedwe ngati malungo wamba ogulira mankhwala pa kantemba. Mai amene ali ndi valavu acite eko ndi kukambirana ndi dotolo asanatenge pakati.

Akuluakulu a zaumoyo naonso ali ndi mbali yao. Ulendo wa ku National Heart Hospital kapena ku UTH ndi wautali ndi wodula kwa banja la ku Chipata kapena ku Lundazi. Cipatala cacikulu ciliconse m'cigawo ciyenera kukhala ndi makina a eko ogwira ncito, munthu wophunzira kuwerenga mavalavu oikidwa, ndi kaundula wa odwala onse otere. Banja limene linalipira zambiri kuti mwana akhale ndi moyo lisam'taye cifukwa ca kusowa cithunzi.