Aphunzitsi achizimayi ali kuti?

Mpira wa amayi wakula, koma pabenchi padzazabe abambo. Pampikisano wa dziko lonse wa 2023, matimu 12 okha mwa 32 ndiwo ankaphunzitsidwa ndi amayi. Nayo Scorchers idatenga chikho cha COSAFA chaka chomwecho mphunzitsi ali Lovemore Fazili.

Kodi amayi sangathe? Ayi ndithu. Desiree Ellis adapatsa South Africa chikho cha mu Africa mu 2022, pomwe Sarina Wiegman watenga cha ku Ulaya katatu: 2017, 2022 ndi 2025.

Chosowa ndi mwayi wa maphunziro. Popanda setifiketi ya uphunzitsi, katswiri wakale sangapatsidwe timu yaikulu ngakhale luso ali nalo. Bungwe la FAM liziwasula atsikanawa adakasewera, poti m'mera mpoyamba.