Sukulu ikasanduka golosale

Sabata yathayi kusukulu kwathu kunafika bambo ena atanyamula foni ya mwana wawo. Mwanayo anakhoza mayeso a MSCE, koma dzina lake silinatuluke pamndandanda wa opita ku mayunivesite a boma. Ndimamudziwa bwino mnyamatayu. Ndiye ankatijambulira mapu pabolodi, ndipo zikwangwani za magolosale angapo pamsika wathu analemba ndi iyeyo.

"Aphunzitsi," anatero bambowo, "taonani koleji ya zojambula iyi ikulengezedwa pa Facebook. Akuti akamaliza, ntchito ndi yosachita kufuna. Kodi ndigulitse ng'ombe?"

Sindinawayankhe kuti inde kapena ayi. Ndinawakhazika pansi pa mtengo n'kuwafotokozera mbiri ya koleji ina ya ku America imene ndinaiwerenga. Ndaibweretsanso pano chifukwa makolo ambiri aima pamphambano yomweyi.

Mu 1921, mumzinda wa Pittsburgh munatsegulidwa sukulu yaing'ono yotchedwa Art Institute of Pittsburgh. Inkaphunzitsa luso loti munthu adyerepo, monga kujambula zithunzi zotsatsira malonda. Kwa zaka zambiri inali sukulu imodzi yokha, yodziwika ndi ntchito za ophunzira ake. Kenaka inagulidwa ndi kampani ya Education Management Corporation, mwachidule EDMC. Kampaniyi inayamba kugula ndi kutsegula makoleji ena m'mizinda yosiyanasiyana pansi pa dzina loti The Art Institutes, mpaka anapitirira 50. Kuwonjezera pa kujambula, ankaphunzitsanso kukonza mafilimu, kupanga zovala za mafashoni ndi kuphika.

Mu 2006 banki ya Goldman Sachs pamodzi ndi makampani ena awiri anagula EDMC pamtengo wa madola 3.4 biliyoni. Munthu sataya ndalama zotere chifukwa chokonda zithunzi. Amafuna phindu. Nanga phindulo linkachokera kuti?

Gwero lake lalikulu linali ngongole ndi thandizo limene boma la America limapereka kwa ophunzira. Mwana akalembetsa, ndalama zimapita ku koleji. Kaya amaliza maphunziro kaya alekera panjira, kaya apeza ntchito kaya ayi, ngongoleyo imatsala pamutu pake. Mwa njira imeneyi, chimene chinkalemeretsa eni ake ndi chiwerengero cha olembetsa, osati cha opeza ntchito. Munthu wofunika kwambiri pakampani sanalinso mphunzitsi wa m'kalasi, koma uja woimba foni kukopa ana.

Malamulo a dzikolo amaletsa kulipira anthu okopawa potengera kuchuluka kwa ana amene awalembetsa. Ena mwa ogwira ntchito anaulula kuti kampaniyi ikuchita zimenezo, boma linalowerera, ndipo mu 2015 EDMC inavomera kulipira madola 95.5 miliyoni kuti mlandu uthe, ngakhale sinavomere kulakwa. Mbiri inaipa, ophunzira anachepa. Mu 2017 makolejiwa anagulitsidwa ku Dream Center Foundation, bungwe logwirizana ndi mpingo wina wa ku Los Angeles. Zinthu sizinasinthe. Mu 2018 nthambi za ku Colorado ndi Illinois zinataya chivomerezo cha bungwe loona za ubwino wa maphunziro, koma panapita miyezi ophunzira osauzidwa, akulipirabe. M'mwezi wa March 2019 sukulu ya ku Pittsburgh ija, mayi wa zonse, inatsekedwa itatsala pang'ono kukwanitsa zaka 100. Nthambi zisanu ndi zitatu zimene zinatsala zinatsekedwa pa 30 September 2023, ophunzira atauzidwa kutangotsala pafupifupi sabata imodzi.

Chimene chinandikhudza kwambiri chinatuluka mu May 2024. Unduna wa zamaphunziro wa ku America unapeza kuti makolejiwa ankauza anthu kuti omaliza maphunziro oposa 80 pa 100 alionse amapeza ntchito yogwirizana ndi zimene anaphunzira pasanathe miyezi isanu ndi umodzi. Zoona zake, chiwerengerocho sichinkapitirira 57. Nthambi ina, powerengetsera malipiro amene ophunzira ake akale amalandira, inaphatikizamo ndalama za Serena Williams, katswiri wa tenisi amene anaphunzirapo kumeneko. Zili ngati ine nditaphatikiza malipiro anga ndi a mwini fakitale, n'kugawa pakati, kenaka n'kulengeza kuti tonse ndife olemera. Boma linakhululukira ngongole za madola 6.1 biliyoni za anthu pafupifupi 317,000.

Nditafika apa bambo aja anapukusa mutu n'kunena kuti, "Chikomekome cha mkuyu." Sanachite kumaliza.

Awerengi, mundimvetse. Sindikunena kuti koleji iliyonse yomwe si ya boma ndi yachinyengo. Malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa, ndipo aphunzitsi anzanga ena anakweza maphunziro awo m'makoleji otere, lero akuthandiza ana. Sindikunenanso kuti luso la manja ndi losathandiza. Ana a ku Pittsburgh aja sanalakwe pokonda kujambula, ndipo ambiri mwa aphunzitsi awo ankagwira ntchito mokhulupirika. Cholakwika chinali chakuti mwini sukulu ankapindula tsiku limene mwana walowa, pamene mwanayo amayembekeza kupindula tsiku limene watuluka. Zofuna ziwirizi zikasiyana, woluza amakhala mwana.

Palinso kusiyana kumodzi kumene tisakuiwale. Ku America boma linafufuta ngongole, ngakhale zaka zimene anthuwo anataya palibe anawabwezera. Kwathu kuno fizi ya koleji yotere nthawi zambiri imachokera m'khola, m'nkhokwe kapena ku banki mkhonde. Koleji ikatseka zitseko, ng'ombe sibwerera.

Choncho ndinawapatsa bambowo mafunso oti ayende nawo. Choyamba, kodi bungwe la National Council for Higher Education, kapena TEVETA ngati ndi sukulu ya ntchito zamanja, likuidziwa kolejiyo? Afunse ku bungwe komweko, osati kwa wolandira alendo wa pakolejipo, ndipo afunse za maphunziro enieniwo amene mwana akufuna, chifukwa chivomerezo cha sukulu si chivomerezo cha phunziro lililonse. Chachiwiri, awaonetse anthu atatu amene anamaliza kumeneko, alankhule nawo okha, amve kumene akugwira ntchito. Chachitatu, akaone ndi maso awo makalasi, makompyuta ndi aphunzitsi. Chachinayi, afunse kuti mwana atafuna kusamukira ku koleji ina, zimene waphunzirazo akazilandira? Ndipo akaona kuti akuimbiridwa foni m'mawa ndi madzulo kuti alipire msanga malo asanathe, adzifunse kuti akusowa mnzake ndani pakati pa awiriwa.

Bambo aja anabwerera kwawo ng'ombe ili m'khola. Mnyamatayo pakadali pano akuthandiza mmisiri wina wolemba zikwangwani kuboma, akusunga zithunzi za ntchito zake zonse m'foni, pamene ife tikufufuza za kolejiyo. Ikapezeka kuti ndi yolongosoka, ndidzakhala woyamba kuwauza kuti agulitse. Ngati eni ake akwiye ndi mafunso anayi okha, tidzakhala titayankhidwa.